Kamera ya Mphatso Yosaboola M'thumba

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Kaya muli kukhitchini mukutereka madzi a nsima, kaya muli m'minibasi kuchokera kuntchito, kaya mwakhala pakhonde ndi kawailesi kanu, takulandirani ku pulogalamu yathu yokamba za zipangizo zamakono.

Lero ndikuyankhula ndi inu bambo, ndi inu mayi, amene mumtima mwakhala mukuti, "Chaka chino anzangawa ndiwagulire kamera." Mwina tsiku lawo lobadwa layandikira. Mwina mukufuna kuti pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mayi a ana anu alandireko china osati chitenje cha chaka ndi chaka chija. Mwina bambo akunyumba apuma pantchito ndipo akungozungulira pabwalo kusowa chogwira. Maganizo ake ndi abwino ndithu. Koma kamera ndi katundu wochokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsidwa ndi madola chinakwera mtengo koopsa. Ndiye tiyeni tione mmene ndalama zochepazo zingagulire kamera yeniyeni, osati chidole.

Tiyambe ndi mfundo imene ogulitsa sangakuuzeni. Anzanuwo ali kale ndi kamera. Ili m'thumba la thalauza, kapena m'kachikwama ka m'manja, kapena yamangidwa kunsonga ya chitenje. Ndi foni yawo. Mu 2010 makampani akuluakulu anatumiza pamsika makamera oposa 120 miliyoni. Zaka zaposachedwazi chiwerengerocho sichikufika n'komwe 10 miliyoni pachaka. Chinadya msikawo ndi foni. Choncho kamera imene mugule ikuyenera kuchita chinthu chimene foni ya anzanuwo imalephera. Ikapanda kutero, aithokoza bwinobwino, aijambulira sabata imodzi pofuna kukusangalatsani, kenako ikagona m'dilowa pamodzi ndi matchaja akale.

Nanga foni imalephera pati? Imalephera kukoka chinthu chakutali. Mwana wanu akulandira satifiketi kutsogolo kwa holo, inu mwakhala mzere wakumbuyo. Mukayesa kukulitsa ndi zala ziwiri, nkhope ya mwana imangosanduka phala. Foni zambiri zotsika mtengo zimavutikanso m'malo amdima, monga m'tchalitchi kapena paphwando la usiku. Ndiye palinso nkhani ya batire ndi malo: munthu akujambula kwaya, foni ikulira, kenako uthenga woti malo adzaza chifukwa cha mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Kamera ilibe zonsezo. Ntchito yake ndi imodzi basi.

Musanapite kusitolo iliyonse, khalani kaye masabata angapo mukuwaonetsetsa anzanuwo. Amatulutsa foni pa chiyani? Sindikuti mukatsegule foni yawo ali kubafa, ayi, zimenezo zikufikitsani kwa ankhoswe kamera isanagulidwe n'komwe. Ndikuti muziona chabe. Alipo amayi amene amaphika makeke kapena kusoka madiresi, ndipo katundu aliyense asanatuluke pakhomo amayamba amujambula kuti akaonetse makasitomala pa Facebook. Alipo abambo amene akaona nkhwazi itatera pamtengo m'mbali mwa Shire amaimitsa zonse, ndipo maloto awo ndi kupita ku Liwonde kapena ku Majete kukajambula njovu. Ena amangofuna zidzukulu, ubatizo, ndi masewero a kusukulu. Enanso ali ndi diso la bizinesi: akuganiza zoti Loweruka aziyenda m'zinkhoswe ndi m'maukwati kujambula anthu. Anthu anayiwa sangagwiritse kamera imodzi.

Ndipo abambo anzanga, ndinene pano tisanapitirire. Pali kamchitidwe kena kogula chinthu chimene ukuchilakalaka wekha, n'kuchikulunga m'pepala lokongola, n'kuti ndi mphatso ya mayi. Amayi amadziwa. Ngati mayi sanatchulepo za kamera, sajambula ngakhale ndi foni, koma inuyo ndi amene mumaima pawindo la sitolo kumeza malovu, ingovomerezani kuti kamerayo ndi yanu, mayi muwafunire china.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tifike pa manambala olembedwa pabokosi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Nambala imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi ya megapikiseli. Megapikiseli imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi. Kamera yoyamba yojambula ndi timadontho totere, imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak ku America mu 1975, inali ndi timadontho 10,000 tokha, inkalemera makilogalamu 3.6, ndipo inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera pa tepi ya kaseti. Nthawi imeneyo kuwonjezera timadontho inalidi nkhani. Lero si nkhaninso. Chithunzi chija timatsukitsa kusitudiyo, cha masentimita 10 ndi 15, chimangofuna megapikiseli ziwiri ndi pang'ono kuti chioneke bwino. Chachikulu ngati pepala la A4, choika mufelemu pabalaza, chimafuna pafupifupi 9. Ndiye kamera ya megapikiseli 12, 16 kapena 18 yakwana kale. Ndipo ngati zithunzizo zikathera pa WhatsApp, kumeneko amazichepetsanso.

Chofunika kwambiri ndi kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala, kotchedwa sensa. Taganizani mvula ikugwa, wina watchera kapu, wina watchera beseni. Wa beseni ndiye atunge madzi ambiri. Sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka, ndiye chithunzi chimatuluka choyera ngakhale kukuda. Makamera aang'ono olowa m'thumba ambiri ali ndi sensa ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi. Makamera aakulu osintha malenzi, ngakhale otsika mtengo kwambiri pagulu lawo, ambiri ali ndi sensa ya mamilimita pafupifupi 23 ndi 15. Kusiyana kwake ndi koposa kakhumi. N'chifukwa chake kamera yaikulu yakale ya megapikiseli 14 imagonjetsa kakamera katsopano kolembedwa 20 mukalowa nazo m'tchalitchi.

Nambala yachiwiri ndi ya zumu. Apa mvetserani bwino, chifukwa pali mitundu iwiri ndipo pabokosi amailemba m'Chingerezi. Mukaona mawu akuti optical zoom, ndiye kuti magalasi a lenzi amasunthadi n'kukokera chinthu pafupi. Mukaona akuti digital zoom, ndiye kuti kamera ikungodula pakati pa chithunzi n'kupatambasula, zomwe foni imachita kale. Zumu yachiwiriyi musailipirire ngakhale tambala.

Ndatsindika zimenezi chifukwa masiku ano kwadzaza timakamera topanda dzina la kampani yodziwika, tonyezimira, tolembedwa 48MP, 4K, 16X, pamtengo wokoma zedi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tambiri mwa timeneti tili ndi kasensa kakang'ono, ndipo megapikiseli zolembedwazo ndi zofufumitsa ndi pulogalamu ya m'kati. Kukazindikira n'kosavuta. Kanyamuleni: kamapepuka ngati mulibe kanthu. Kayatseni mudine batani la zumu muli chiyang'anire lenzi: ngati m'magalasimo simukusuntha kanthu, ikani pansi. Funsani dzina la kampani yopanga: ngati wogulitsa akutembenuza bokosi kufunafuna, mwapeza yankho. Mayina odalirika ndi omwe aja: Canon, Nikon, Sony, Panasonic, Fujifilm, Olympus. Nalo dzina la Kodak mulipeza pa makamera atsopano otsika mtengo otchedwa Pixpro. Amapangidwa ndi kampani ina imene inapatsidwa chilolezo chogwiritsa dzinalo, koma pa ambiri mwa iwo lenzi imasunthadi, si zidole zija.

Kwa amene akungofuna kamera yolowa m'kachikwama, yojambulira masana paulendo wa kunyanja kapena kumudzi, alipo monga Canon IXUS 185 ya zumu 8 kapena Sony W800 ya zumu 5. Ndinene chilungamo: ngati anzanuwo ali ndi foni yabwinoko, timakamera timeneti sitiiposa kwenikweni, kupatula pa zumu. Ine sindingathamangire kumeneko.

Kwa bambo a mbalame ndi njovu aja, ndi mayi ofuna kujambula mwana ali pakati pa bwalo la mpira, pali gulu lina looneka ngati kamera yaikulu koma lenzi yake sichoka. Sensa yake ndi yaing'ono, koma zumu yake ndiye yoopsa. Nikon Coolpix B500 imakoka ka 40, Sony H300 ka 35. Ndipo awiri onsewa ali ndi ubwino wina wofunika kuno kwathu: amagwiritsa mabatire anayi wamba a AA, omwe aja a m'tochi yaing'ono. Magetsi akazima tsiku lonse, kapena mukakhala kumudzi kopanda magetsi, mumangopita pagolosale. Koma gulani a alkaline kapena otchajitsa, chifukwa mabatire otchipa aja kamera imawamaliza musanajambule zithunzi makumi awiri.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano apa ndi pamene pali mtima wanga. Ngati anzanuwo ali ndi chidwi chenicheni, ngati ndi mayi a makeke aja kapena bambo ofuna kulowa m'zinkhoswe, ndalama zanu zikagwira ntchito bwino pa kamera yaikulu yogwiritsidwapo kale ntchito, mtundu umene amautcha DSLR. Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope. Mphatso ya wokondedwa n'kukhala ya kaunjika? Koma tamverani. Anthu a kumayiko olemera atasamukira ku mafoni ndi ku makamera a mtundu watsopano, anasiya makamera abwinobwino, ena ongojambulira maulendo awiri atatu. Nikon D3100 inatuluka mu 2010, D3200 mu 2012 ndi megapikiseli 24, D3300 mu 2014, D3500 mu 2018. Kumbali ya Canon kuli 600D ya mu 2011 yomwe sikirini yake imatembenuka, 1200D ya mu 2014, 1300D ya mu 2016, ndi 2000D ya mu 2018. Iliyonse mwa izi, ikakhala ndi lenzi yake ija ya 18-55, imajambula chithunzi choti mkwatibwi akhoza kulipira mosanyinyirika. Pakati pa Canon ndi Nikon musavutike mutu, onse ndi akatundu. Funsani ojambula a m'dera lanu kuti ambiri agwiritsa iti, mugule yomweyo, kuti tsiku lina anzanuwo akadzasowa tchaja kapena wowaphunzitsa asadzayende mtunda.

Chachikulu n'kudziwa kuyesa. Tiyerekeze mwafika pakasitolo ka zamagetsi ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe, kapena mwagwirizana ndi munthu wa pa Facebook kuti mukumane. Ngati ndi wa pa Facebook, kumanani masana pamalo poti pali anthu, ndipo musatumize ndalama pafoni musanaigwire m'manja. Tengani memori khadi yanuyanu. Wogulitsa akuti, "Bwana, iyi ndi yatsopano ndithu, mwini wake anali mzungu, sanaigwiritse." Inu muziti, "Zikomo achimwene, tabwera nayoni ndiione kaye." Musamve manyazi, ndalama ndi zanu.

Yambani ndi kunja. Yang'anani m'makona ngati muli popindika kapena pong'aluka, chizindikiro choti inagwapo. Yang'anani timasikuluwu: ngati mitu yake yaphwanyika, wina anaitsegulapo. Tsegulani kachitseko ka batire muone ngati muli dzimbiri kapena ufa wobiriwira, chifukwa izo zikutanthauza kuti munalowa madzi kapena batire inatayikira. Kenako chotsani lenzi. Iwalitseni ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, inu mukusuzumira kutsogolo. Timafumbi tochepa si vuto, lenzi iliyonse ili nato. Koma mukaona tiulusi toyera toyanga m'kati mwa galasi, ameneyo ndi chuku, ndipo chuku akakhalitsa amadya galasi. Lenzi yotero isiyeni, ngakhale atsitse mtengo bwanji.

Bwezerani lenzi, ikani khadi yanu, yatsani. Lozani pa nkhope ya wogulitsayo mudine batani theka: ikuyenera kulunjika msanga, nkhope ioneke bwino. Lozani kutali kumsewu, muchitenso chimodzimodzi. Ikamangosakasaka kupita kutsogolo ndi kumbuyo masana dzuwa lili phwee, pali vuto. Jambulani khoma loyera kapena thambo, kenako kulitsani chithunzicho pasikirini muyendemo pang'onopang'ono. Timadontho takuda ndi fumbi la pasensa, limapukutika kwa odziwa. Koma mzere woongoka wodutsa chithunzi chonse ndi sensa yowonongeka, ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa kamera. Yesani fulashi, yesani vidiyo, dinani batani lililonse. Wogulitsa akayamba kunena kuti, "Bwana, mukundichedwetsa, pali wina akuifuna," muuzeni mwaulemu kuti aipereke kwa winayo.

Pali chinanso. M'kati mwa kamera yotere muli kachitseko kamene kamatseguka ndi kutseka nthawi iliyonse mukajambula, kaja kamalira kuti khetye. Pa makamera a gulu ili kanapangidwa kuti kagwire ntchito maulendo pafupifupi 100,000. Makamera a Nikon amalemba chiwerengerocho m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndipo pa intaneti pali masamba aulere oti mukaikapo chithunzi amakuuzani nambalayo. A Canon ambiri amafuna kuwalumikiza ku kompyuta. Ya 15,000 kapena 20,000 idakali mwana. Ya 90,000 inali ya wojambula maukwati, yatopa, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Ndipo funsani kumene kamerayo inachokera. Makamera amabedwa. Nambala yake yolembedwa pansi ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa. Akakana kulemba lisiti, kapena mukaona kuti nambalayo yapalidwa, chokanipo. Simukufuna kuti mphatso ya akazi anu ikathere kupolisi ngati umboni.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ndalama zonse musathere pa kamera yokha. Ambiri amafika kunyumba ndi bokosi, n'kupeza kuti mulibe memori khadi. Khadi ya 32GB, yolembedwa Class 10, imasunga zithunzi masauzande angapo, ndipo ndi yokwanira. Makamera akale kwambiri sawerenga makhadi a 64GB kupita m'tsogolo, choncho yaikulu si yabwino nthawi zonse. Makhadi achinyengo nawo ndi ambiri: kunja alemba 64GB, m'kati muli malo ochepa, ndipo tsiku limene mudzazindikire ndi tsiku limene zithunzi za ukwati wa mwana wanu zidzakane kutseguka. Gulani kusitolo yopereka lisiti. Komanso mukakumana ndi kakamera kakale ka Sony kofuna Memory Stick, kapena ka Olympus ndi Fujifilm kofuna khadi ya xD, dziwani kuti makhadi amenewo ndi osowa masiku ano.

Batire yachiwiri ndi yofunika, makamaka pa kamera yakale imene batire yake yafooka. Funsani nambala yake: ma Nikon a DSLR ndatchula aja amagwiritsa EN-EL14 kapena EN-EL14a, pamene Canon 1200D, 1300D ndi 2000D amagwiritsa LP-E10. Onetsetsani kuti tchaja ilipo ndipo ikugwira ntchito.

Ganiziraninso mmene zithunzi zidzachokere mu kamera kupita pafoni, chifukwa anzanuwo akajambula adzafuna kutumizira ana ku Mzuzu kapena achemwali ku Johannesburg tsiku lomwelo. Canon 1300D ndi 2000D zili ndi Wi-Fi, Nikon D3500 ili ndi Bluetooth. Kwa zakale zopanda zimenezi, pali kachipangizo kotchipa kowerengera khadi kamene mumabaya pafoni pomwe pamalowa tchaja. Onani kaye kamwa ya foni ya anzanuwo kuti mugule kolowa.

Ena muli ndi abale ku South Africa kapena ku Britain ndipo mukuti akugulireni kumeneko. N'zotheka, ndipo kumeneko makamera ogwiritsidwapo ntchito ndi ambiri, masitolo ena amapereka ndi waranti ya miyezi ingapo. Koma waranti imeneyo ikathandiza kumeneko, osati kuno. Werengeraninso msonkho wa pachipata, kaya ndi ku Mwanza, ku Dedza kapena pabwalo la ndege. Pulagi ya ku Britain ndi yofanana ndi yathu ya mano atatu aphwatalala, koma ya ku South Africa imafuna adaputa. Ngati m'baleyo akubwera pandege, mabatire apadera asaike m'sutikesi yopita pansi, aziwanyamula m'chikwama cha m'manja, ndilo lamulo la ndege. Ndipo mumuuze dzina ndi nambala yeniyeni ya kamera. Mukangoti "mundigulire kamera yabwino," musadabwe akabwera ndi chidole chija cha 48MP.

Mukagula kuno kusitolo, funsani za waranti ndipo ilembedwe. Sitolo ikakugulitsani chinthu chowonongeka n'kukana kukuthandizani, pali bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lomwe limalandira madandaulo a ogula. Koma kumeneko adzayamba akufunsani lisiti.

Chikwama chokhala ndi thonje m'kati musachiiwale. Fumbi la mu Okutobala limalowa paliponse, mchenga wa ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear ukalowa mu lenzi yotuluka ndi kulowa ija imakakamira pomwepo, ndipo chinyezi cha dzinja ndicho chakudya cha chuku uja. Timapaketi tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano, tolembedwa kuti musadye, musatitaye. Tiikeni m'chikwama cha kamera, timayamwa chinyezi. Kungoti tiikeni patali ndi ana.

Nanga nkhani yogula mwakachetechete kuti muwadzidzimutse anzanuwo? Ndi yokoma m'mafilimu, koma ngati ndalamazo zikuchokera m'thumba la banja, kapena ndi za banki m'khonde zomwe nonse mumaziwerengera pa feteleza ndi fizi, kambiranani kaye. Palibe mayi amene angamwetulire kamera ana atabwezedwa kusukulu. Komanso kamera ndi chinthu chogwira m'manja. Ina imalemera, ina mabatani ake ndi aang'ono moti zala za bambo a khasu sizingadine limodzi lokha, ina zilembo zake n'zosaoneka kwa munthu wovala magalasi. Kupita nawo limodzi kukasankha sikuchotsa ulemu wa mphatso.

Tsiku lopereka lisanafike, tchajani batire idzaze, ikani khadi, konzani tsiku ndi nthawi, mangirirani lamba wa m'khosi, ndipo kagudumu ka pamwamba mukaike pa chizindikiro chobiriwira cha AUTO kuti akangoyatsa ajambule. Mukapereka, bwezani manja kumbuyo. Zithunzi zoyamba zidzatuluka zopendekeka, mitu ina yodulidwa. Musawalande n'kumati, "Bweretsani kuno ndikuonetseni." Akafunsa, yankhani. Ngati pali wojambula wodziwa m'dera lanu, m'lipireni kangachepe awaphunzitse Loweruka limodzi, chifukwa zina munthu amamva bwino kwa mlendo kusiyana ndi kwa mwamuna kapena mkazi wake.

Nthawi yathu yathera pomwepa, omvera. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za kusunga zithunzi kuti khadi ikawonongeka kapena foni ikabedwa zisapite nazo limodzi.

(NYIMBO YOTSEKERA)